Tsiku Limene Jasten Anaboola Khoma la Apongozi

Jasten anali mkamwini, ndipo ukamwini wakewo ankaugwira ngati ntchito yolembedwa. Kwawo kunali ku Ngokwe, kutsidya kwa Shire, koma anadzakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe akadali mnyamata wopanda ndevu, atanyamula nkhwangwa, kampeni kosendera nsungwi ndi bulangete limodzi lothothoka. Mkazi wake anali Martina, mwana wamkazi yekhayo wa a Nangondo. Luso lake linali kuluka. Nkhokwe zambiri za m'mudzimo zinatuluka m'manja mwake, malichero nawonso, ndi madengu akuluakulu aja onyamulira thonje popita kumsika. Pakamwa ndiye panali polemera. Ukamupatsa moni ankayamba waganizira kaye, ngati wamufunsa mlandu.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso. Ana a lero akamva zimenezi amaseka. Asiyeni aseke, sanakhaleko. Mukakumana panjira, wina ankapatukira kutchire n'kufulatira mpaka mnzake adutse. Ambiri mwambowu ankausunga chaka choyamba, mwina ndi chachiwiri, kenaka n'kumaufewetsa pang'onopang'ono. Jasten iyayi. Tsiku lina, pothawa a Nangondo amene ankachokera kuchitsime, anadziponya m'chitsamba cha chitedze, ndipo anakanda thupi mpaka khungu kutuwa koma osadandaula n'kamodzi komwe. A Nangondo atamva anangoti mwana wa eni akeyo analeredwa, ndipo kuyambira pamenepo iwonso anaumitsa mbali yawo.

Koma anthu olima munda umodzi sangakhale osauzana kanthu, ndiye awiriwa anapeza njira yawoyawo. A Nangondo ankaima pabwalo atafulatira nyumba ya mkamwini, n'kuyamba kulankhula ndi mtondo. Ankaufunsa mtondowo ngati eni khasu akudziwa kuti mbuzi zalowa m'thonje. Jasten, ali kuseri kwa nkhokwe, ankatuma khasu lake kuti likanene kuti wamva. Mtondo ndi khasu zimenezo zinakambirana zambiri, za malire a munda, za chikuku cha ana, ndipo chaka china zinakanganapo kwambiri, Jasten akufuna thonje pamalo pamene mayiwo ankafunapo mapira. Unapambana ndi mtondo. Ana anabadwa, anakula, woyamba mpaka kutha msinkhu, Jasten asanaonepo nkhope ya apongozi ake pafupi. Chimene ankawadziwa nacho ndi mawu, mawu aakulu omveka kumudzi iwo ali kuchitsime, komanso zidendene zong'aluka zimene ankaziona zikudutsa iye atawerama.

Kenaka kunabwera njala ija ya mu 1949. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, dzuwa linachiwamba chili chiimire, ndipo woluka nkhokwe anasowa chochita, pakuti ndani angaitanitse nkhokwe yoti azisungamo mphepo? Amuna ambiri a m'midzi imeneyo anatsanzika kuti akukasuma kwawo, ndipo enawo mpaka lero akusumabe. Zinali zamanyazi, palibe chobisa. Jasten nayenso ananyamuka, anthu n'kumuuza Martina kuti angoiwala. Koma anatulukira, atawoloka pa pantoni ya pa Liwonde ndi thumba la makaka a chinangwa pamutu, mapazi ali matuza okhaokha. Atapuma anabwererakonso, n'kubweranso. Mwezi wa Okotobala, ndi njala yomweyo, analima munda wonse wa a Nangondo n'kuunga mizere, odutsa akumufunsa ngati adzabzalamo miyala.

Funsolo silinali lachipongwe chabe. Mbewu anthu anali atadya. Ya boma inkamveka kuti ikubwera, koma inkangofika m'makutu. Komabe mudzi wonse unkadziwa kuti a Nangondo chibadwire sanadyepo mbewu, ndipo chimanga chawo choyera cha makolo chiyenera kuti chinabisidwa penapake. Pamene chinali ndi pomwe panalibe wodziwa. Jasten ankadziwa chinthu chimodzi chokha: mbewu imeneyo ikapanda kulowa m'nthaka ndi mvula yoyamba, njala pakhomo pawo igona chaka chinanso, ndipo miyendo yake sikanathanso maulendo a ku Ngokwe.

Chakumapeto kwa Novembala a Nangondo anagwa ndi chifuwa, miyendo itatupa. Anawanyamula pamachila kupita nawo kuchipatala cha mishoni, ulendo woti ukanyamuka m'mawa umafika dzuwa lili paliwombo. Jasten ananyamula kutsogolo njira yonse, osalola kusinthana ndi akumbuyo, chifukwa wakutsogolo ndi amene amafulatira wodwala. Martina anatsala komweko kudikirira matenda. Jasten anabwerera kukayang'anira ana, mbuzi imodzi yotsala ndi nyumba ziwiri.

Lachisanu masana kunachita bii chakumapiri a ku Machinga, ndipo mvula inagwa. Sinali ya chizimalupsa iyayi, inali mvula yobzalira, yogwa mofatsa mpaka nthaka kukhuta. Inswa zinatuluka, ana anazithamangira ndi timbale akukuwa. Jasten anapita kumunda, analowetsa dzanja mumzere, ndipo linalowa mpaka pamfundo likupezabe chinyontho. Anayang'ana kumwamba. Dzuwa la kuchigwa kumeneko amalidziwa ndi amene anakhalako: likangotuluka kawiri katatu, chinyontho chonsecho lamwa.

Loweruka kunacha ndi alendo. Woyamba anali Blasius, mchimwene wake wa Martina, amene ankapopa madzi a sitima pa siteshoni ya Balaka. Anapempha kwa kapitawo wake, n'kufika pa njinga, mkazi wake Judith ali pakaliyala ndi mwana kumsana, wina atakhala pachitsulo kutsogolo. Asanatsitse n'katundu yemwe, kunatulukira azakhali awiri ochokera ku Nselema, alongo awo a malemu bambo a Martina, Asilamu, amene anayenda ndi kugona panjira kudzazonda matenda. Alendo ndi alendo, ngakhale m'chaka cha njala amafuna madzi osamba ndi kanthu kopita kukamwa. Kanthuko kanali mango osapsa ophika, inswa za dzulo ndi kaufa ka makaka kotsalira pansi pa dengu. Judith anati mango amamutsegula m'mimba. Mbuzi inadula chingwe n'kukalowa m'chinangwa cha eni ake, ndipo mwini chinangwayo anabwera pakamwa pali moto. Denga linali litadontha pamphasa za ana. Mwana wotsiriza ankalira kufuna mayi ake. Pakati pa zonsezi panali Jasten, munthu woti moni mmodzi umamutopetsa, akupereka moni kwa mlendo aliyense payekhapayekha, kwinaku chingwe cha mbuzi chili m'manja.

Blasius sanali munthu woipa, musamuone molakwa. Anali ndi phokoso chabe, phokoso lotengera kwa mayi ake, ndipo poti ndiye anali mwini mbumba, ankaona kuti zonse za pakhomopo zili pamapewa ake. Kaufa kamene ankalandira kunjanji ankakagawa mpaka yekha kugona ndi tiyi. M'mawa umenewo ananena poyera kuti mayi ake sangafe ndi njala kuchipatala chimanga chili pakhomo, achipeza ndithu, chikonoledwe, odwala amwe phala lenileni ndipo ana alawe nawo. Anakwera m'nkhokwe n'kutulukamo ali mbuu. Anapisa dzanja m'tsindwi la kukhitchini, anagwetsa zisa za nkhuku zimene zinadyedwa kalekale, anagogoda mitsuko yonse ya pakhonde. M'nyumba ya a Nangondo analowamo, koma atafika pachitseko cha bango chotchinga kuchipinda anaima, n'kubwerera. Mwana wamwamuna akakula salowa kumene amagona mayi ake. Zimenezo ngakhale wa kunjanji ankazidziwa.

Dzuwa litakwera onse ananyamuka kupita kuchipatala, Blasius patsogolo ndi njinga, azakhali ndi Jasten pambuyo wapansi. Mmene a wapansiwo ankafika, Blasius anali atatuluka kale m'wodi nkhope itagwa. Mayi ake anamuuza kuti mbewu kulibe, anadya kalekale, ndipo asawasokose. Azakhali analowa. Jasten anazungulira kuseri n'kukakhala pansi pa zenera la wodi ya azimayi, msana atatsamira khoma.

Martina anamupeza pomwepo. Anali ataonda, maso atalowa. Anamunong'oneza kuti mankhwala a asisitere akugwira, chifuwa chayamba kupepuka, koma vuto ndi lakuti mayi sakudya. Kaphala ka m'chipatala akalandira amangokalawa n'kukavundikira, amvekere kasungidwe, kapite kwa adzukulu. Asisitere akalipa mpaka atopa. Jasten anamva chisoni kwambiri.

Azakhali atatuluka, anamva mayiwo akutuma Martina kuti akawatungire madzi ozizira kuchitsime cha kumunsi, osati a mumgolo.

"Iwe zenera," anatero a Nangondo. Mawu aakulu aja anali atatsala ngati ulusi. "Eni khasu alipo?"

Jasten anayang'ana uku ndi uku. Khasu analisiya kumudzi. Anatola ndodo yake yoyendera n'kuiuza kuti inene kuti alipo. Zenera linafunsa mmene mvula inagwera, ndodo inayankha kuti yalowa mpaka pamfundo ya dzanja. Mayiwo anatsokomola nthawi yaitali.

"Iwe zenera, uwauze kuti kumutu kwa mphasa yanga, chakukhoma la kum'mawa, pansi pali mtsuko womata. Martina asamve, ndi mayi wa ana ameneyo, mwana akalira adzamatula. Blasius asamve, amandikonda, adzandiphikira. Ilowe m'nthaka yonse. Ngakhale amve kuti ndikufa ndi njala, ilowe yonse."

Jasten anafuna kuti ndodo ifunse kuti nanga mkamwini alowa bwanji kuchipinda kwa apongozi, koma Martina anali akubwera kale ndi madzi pamutu.

Njira yonse yobwerera azakhali ankacheza m'Chiyao za mitengo ya nsomba ndi za anthu amene anamwalira ku Nselema, Jasten ali pambuyo mutu uli wiliwili. Kutuma mwana, mwana sangakumbe, ndipo akaona chimanga mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe. Kuuza Judith kunali kuuza Blasius. Azakhali anali alendo, komanso anali ndi njala ngati wina aliyense. Mayiwo anabisa mbewu pamalo pamene mwamuna aliyense wolemekezeka sangafike, n'kutuma mwamuna wolemekezeka kuposa onse kuti akaitenge. Anali ndi nkhanza zawo a Nangondo.

Lamulungu m'mawa kunja kunayera mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Pamwamba pa mizere panali patayamba kutuwa. Anthu anavala kupita kutchalitchi cha pasukulu kukapempherera odwala, azakhali anapita kukaona anzawo a kumzikiti kumudzi wa kutsidya kwa dambo, ndipo Jasten anati atsala, m'mimba mukumupota. Palibe anakayika, chaka chimenecho m'mimba munkapota aliyense.

Pabwalo patakhala zii, anapita pakhomo la apongozi. Anagwira chitseko. Anachisiya. Anachigwiranso, n'kukankha pang'ono, fungo la utsi wakale ndi fodya wa a Nangondo n'kumulandira, miyendo n'kukana. Sikuti ankaopa kugwidwa, panalibe womuona. Kungoti thupi limene lapatukira kutchire zaka zonsezo silimva zoti lero kuli chilolezo. Anatseka bwinobwino, anakatenga khasu ndi nsungwi yoyezera nkhokwe, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kukhoma la kum'mawa. Anayeza kuchokera pangodya, poganizira kutalika kwa mphasa, anagwada, n'kuyamba kukumba pansi pa khoma, ngati mbala.

Khomalo linali la mitengo yophoma ndi dothi, ndipo mvula inali italifewetsa m'munsi. Anakumba mpaka dzenje linadutsa pakati pa nsichi ziwiri. Kenaka anagona chafufumimba n'kulowetsa dzanja, nkhope atayang'anitsa kumbali, kuti ngakhale maso asalowe nawo kuchipinda. Anafufuza m'dothi ndi zala, anakumbanso ndi kampeni, ndipo zala zinagunda chinthu chosalala, chozizira.

"Alamu, mukukwirira chiyani kumutu kwa amayi anga?"

Anali Blasius. Anatuluka m'tchalitchi mapemphero asanathe kuti afulumire kuchipatala, ndipo pofuna njinga yake kuseri kwa nyumba anapeza miyendo ya mkamwini ili tambalala, dzanja lili pansi pa chipinda cha munthu wodwala. Inu mukanaganiza chiyani? Munthu amene amakumba kumutu kwa wodwala anthu onse ali kutchalitchi amadziwika ntchito yake. Mawu a Blasius sanakwere n'komwe, ndipo pamenepo ndi pamene ankaopsa.

"Sindikukwirira, alamu, ndikufukula," anayankha Jasten tsaya lili padothi. "Ndipatsireni khasulo, bowo lachepa."

Kaya chinamugwira n'chiyani, Blasius anapereka khasu. Jasten anakuza bowo, anagwedeza mtsuko uku ndi uku, ndipo unatuluka chogona, kukamwa kwake kuli phale lomatidwa ndi dothi la pachulu. Anamatula ndi kampeni. Pamwamba panali phulusa, ndipo atalipalasa chinaoneka chimanga choyera, chamaso akuluakulu, chopanda ndi nankafumbwe mmodzi yemwe. Fungo lake lokha linkapweteka m'mimba.

Blasius anakhala pansi ndi zovala zake za kutchalitchi. Anafunsa kuti anamuuza ndani, Jasten anati zenera. Pamenepo Blasius anamvetsa kuti mayi ake anamunamiza iye, mwana wobala okha, n'kuuza mwana wa eni ake, ndipo zinamupweteka koposa njala. Anayamba mofatsa. Anati agawe pakati, theka libzalidwe, theka likonoledwe. Anakumbutsa Jasten miyendo yotupa ya mayiwo, nthiti za ana ake omwe, kaphala ka m'chipatala koti ukhoza kuonamo nkhope. Zonsezo zinali zoona. Theka la mtsuko likanatha pakhomopo ndi alendo omwewo asanabwerere kwawo, koma m'munda linali theka la chaka. Mawu oti afotokozere zimenezo analibe. Jasten anangoti yonse, amayi anati yonse.

Ndiye phokoso lija linabwerera. Blasius anaimirira.

"Chimangachi n'cha amayi anga, mudzi uno ndi wa mbumba yanga. Inu munabwera ndi bulangete."

"Bulangetelo ndilitenga madzulo, alamu. Ndiyambe ndabzala."

Anasenza mtsuko paphewa, khasu kumanja, n'kulowera kumunda. Ankadziwa kuti mwini mbumba akati mkamwini anyamuke, amanyamuka ndithu, ana n'kutsala. Blasius anamutsatira pambuyo akumulalatira njira yonse, za khoma loboola, za tsiku la Mulungu, za anthu a ku Ngokwe ndi makhalidwe awo. Kulanda mtsuko sanayese. Mwina ankaopa kuti ungasweke, mwina ankaopa mayi ake, amene ngakhale ali gone kuchipatala ankaopsabe.

Kumunda Jasten anathira mbewu m'nsengwa n'kuyamba yekha: kukhapa phando, kuwerama, kuponya, kufotsera ndi phazi. Ntchito ya anthu awiri akaigwira mmodzi imachedwa, ndipo dzuwa linali likukwera. Blasius anaima m'mphepete manja ali m'chiuno. Anaonerera mzere woyamba, wachiwiri, kenaka sanathenso kupirira. Anati mapando amenewo athinana, mayi ake sabzala choncho. Anati nanga kuponya kwake kumeneko, zina zinayi zina ziwiri, mbewu ikwana bwanji? Anavula nsapato, anazikoleka pachitsa, analanda nsengwa ija n'kuuza mlamu wake kuti azingokhapa, poti ndi zokhazo amatha. Ankaponya zitatuzitatu, akufotsera ndi chidendene, pakamwa posatseka.

Otuluka kutchalitchi anawapeza ali pakati pa munda. Mphunzitsi wa pasukulu, amene ankatsogolera mapemphero, anayamba kukumbutsa kuti lero ndi tsiku lanji. Azakhali a ku Nselema, amene anali atangofika, anati lawo linali Lachisanu ndipo linapita, wina n'kutola khasu, wina nsengwa. Mphunzitsi uja anayang'ana kumwamba kopanda mtambo, anayang'ana chimanga, n'kunena kuti wakumbukira kuti kunyumba anasiya mbuzi zosamanga. Judith, mayi wa ku siteshoni uja, anamanga nsalu m'chiuno n'kulowa m'mizere. Ana anapatsidwa mbewu m'timanja kuti aziponya nawo, koma azakhali analamula kuti aziimba mokweza osalekeza, chifukwa pakamwa poimba sipatafuna. Anaimba nyimbo za kutchalitchi, zitatha anaimba za kuchinamwali zimene sankayenera kuzidziwa, ndipo panalibe anawaletsa.

Dzuwa litapendeka anafika kumapeto kwa mzere wotsiriza. M'dzanja la Blasius munatsala timaso tingapo. Anatiyang'ana nthawi yaitali, Jasten akuyang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi, kenaka anawerama, anaboola dothi ndi chala n'kutikwirira. Za bulangete sanazitchulenso. Atafika kumudzi anakankhira njinga kwa mlamu wake n'kumuuza kuti akanene yekha kuchipatala, popeza ndiye wokondedwa, koma asamale matayala paminga.

Jasten njinga ankaidziwa pang'ono chabe. Anagwa nayo padambo, pokwera ankaikankha, komabe anafika kunja kukadali kowala. Anaitsamiritsa, anakakhala pansi pa zenera paja ndi matope ake, n'kuuza njingayo kuti inene kuti eni khasu abwera. M'kati munamveka kunong'onezana. Kenaka Martina anatulukira pangodya, maso ali tong'o, n'kumuuza kuti mayi akuti alowe.

Anati mwina sanamve bwino. Martina anati wamva bwino, akuti alowe, ndipo akachedwa adzuka okha adzamutenge.

Analowa chammbali, maso ali pasimenti, azimayi a m'mabedi ena akumuyang'ana. Atafika pamene Martina anaima, anagwada chofulatira n'kuyamba kufotokozera mwendo wa bedi loyandikana nalo kuti ntchito ija yagwiridwa.

"Usiyeni mwendo wa bedi," anatero a Nangondo. "Ine ndili kuno. Tembenukani."

Panalibe tchire lothawirako. Jasten anatembenuka ndi mawondo omwewo, n'kukweza maso pang'onopang'ono. Pabedipo panali kamayi kakang'ono, kochepa kuposa mwana wake woyamba, kokhala ndi mphini ziwiri patsaya, kamaso ofanana ndi a Martina. Mawu onse aja, amene anamuyendetsa zaka zonsezi, ankachokera m'kathupi kameneka. Nawonso ankamuyang'ana, kuyambira kumutu mpaka m'manja mwa matope.

"Kodi imvi zimenezi zinabwera liti? Ine ndimayesa ndikutuma kamnyamata kaja ka bulangete."

Jasten anafuna kuseka, koma chimene chinabwera ndi misozi, ndipo anaisiya itsike poti manja anali akuda.

"Yalowa yonse?"

"Yonse, amayi."

Anafunsa za Blasius, anawauza kuti ndiye amaponya. Anafunsa kuti kuchipinda analowa bwanji, ndipo atamva za khoma anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, Martina n'kuwagwirizira msana. Atapuma anati bowolo akalimate mawa lomwe, sakufuna kudzapeza achule pamphasa pawo. Kenaka anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda ngati munthu amene akuwerengera miyezi yoti chimanga chikhwime.

Pansi pa bedi panali kambale ka phala la masana, kovundikira ndi mbale inzake, kodikira kupita kwa adzukulu. A Nangondo anatambasula dzanja.

"Martina, tandipatse phala lija."

Linali litazizira kale, koma anamwa lonse, n'kupalanso m'mbali ndi chala.